Nyanga za ku Tete m'nyimbo za Kevin Volans: mafunso ndi mayankho

M'matchalitchi ozungulira chigwa cha Nhartanda, mumzinda wa Tete, muli anyamata ndi atsikana ambiri oimba kiyibodi. Ochuluka anaphunzira ndi khutu, poonera anzawo, ndipo ena afika poti akhoza kutsogolera kwaya yonse osaphonya. Mwa iwo alipo ochepa amene sakhutira ndi kungoperekeza nyimbo za ena. Akufuna kupeka zawo, zolembedwa pa pepala, zoti gulu la mavayolini likaimbe m'holo kapena zikamveke mufilimu. Otere ayenera kudziwa mbiri ya Kevin Volans, chifukwa nyimbo imene inamutchukitsa padziko lonse ili ndi mizu m'chigawo chomwechi cha Tete. Anthu a ku London ndi ku San Francisco akhala akuiwombera m'manja kwa zaka pafupifupi 40, pamene kuno kwawo kwa nyanga, gule wa zitoliro wa Anyungwe, ndi ochepa amene anaimvapo.

Kodi Kevin Volans ndi ndani?

Ndi wopeka nyimbo za classical zamakono komanso woimba piyano, wobadwa pa 26 July 1949 ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa. Tikati classical zamakono tikunena nyimbo zimene wopeka wamoyo lero amalemba noti iliyonse pa pepala, ya chida chilichonse, n'kupereka kwa oimba ena amene mwina sanakumanepo naye. Volans anakulira m'banja la azungu nthawi ya ulamuliro wa tsankho, pamene mwana ngati iye ankaphunzitsidwa nyimbo za ku Ulaya zokhazokha, ndipo zimene Azulu ankaimba mumsewu womwewo sizinkawerengedwa kuti n'zoyenera kulowa m'kalasi.

Ataphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg ndi ku Aberdeen ku Scotland, mu 1973 anapita ku Cologne, ku Germany, kukaphunzira kwa Karlheinz Stockhausen, mmodzi mwa akuluakulu a nyimbo zatsopano za ku Ulaya itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mu 1975 ndi 1976 anali wothandizira wake pophunzitsa. Piyano anaipitiriza kwa Aloys Kontarsky, ndipo za nyimbo za m'zisudzo anaphunzira kwa Mauricio Kagel. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anabwerera kwawo n'kuphunzitsa pa yunivesite ya Natal ku Durban, koma sanakhalitse. Mu 1986 anasamukira ku Ireland, ndipo mu 1994 anakhala nzika ya dzikolo.

Nanga munthu wophunzira ku Germany anakumana bwanji ndi nyanga za Anyungwe?

Ku Cologne kunali kapekedwe kamene kanali katakhazikika: wopeka ankayamba wadziikira malamulo a manambala, kenako nyimbo n'kutuluka m'malamulomo, imveke bwino kapena ayi. Volans ndi anzake ena, monga Walter Zimmermann ndi Clarence Barlow, anatopa nako, n'kuyamba kufuna nyimbo zochokera m'khutu ndi m'manja. Iye mwini wanenapo kuti kukhala ku Ulaya n'kumene kunamuonetsa kuti si wa ku Ulaya. Pakati pa 1976 ndi 1979 wailesi ya WDR ya ku Cologne inamutuma maulendo okajambula nyimbo ndi mawu a chilengedwe kummwera kwa Africa, makamaka ku KwaZulu ndi ku Lesotho.

Koma nyanga inamufika kudzera pa pepala. Andrew Tracey, mwana wa Hugh Tracey amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anafika kudera la Tete n'kujambula gulu la nyanga lotsogoleredwa ndi Makina Chirenje ku Nsava. Sanangojambula. Anakhala pansi ndi oimbawo, chitoliro ndi chitoliro, mpaka analemba mbali ya aliyense, n'kusindikiza zonsezo mu 1971 m'magazini ya akatswiri yotchedwa African Music. Zolemba zimenezi n'zimene Volans anagwiritsa ntchito mu 1982 popeka White Man Sleeps, nyimbo ya zigawo zisanu. Ziwiri mwa zigawozo zinachokera ku gulu la a Chirenje. Zina zinatengera kaimbidwe ka Abasotho a ku Lesotho ndi uta woimbira wa anthu a mtundu wa San, ndipo chimodzi anachipeka yekha kuchokera m'mutu mwake. Izi zisanachitike, mu 1980, anali atapeka kale nyimbo ina yotchedwa Matepe, dzina la mbira yoimbidwa kumpoto chakummawa kwa Zimbabwe ndi m'madera oyandikana nawo a chigawo cha Tete.

Nyanga imaimbidwa bwanji, ndipo n'chiyani chimene chinakopa wopeka wophunzira chonchi?

Amene anakulira m'midzi ya Anyungwe akudziwa, koma owerenga ambiri a ku Lilongwe kapena ku Chipata mwina sanaionepo. Amuna 20, 30 ngakhale kuposa amaima mozungulira, aliyense atagwira zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi, kawirikawiri zinayi, ena ziwiri kapena zitatu. Kumiyendo amavala maseche. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse m'manja mwake. Aliyense amaliza chitoliro pa mphindi yake, n'kusiya mpata woti mnzake alowepo, ndipo mumpatamo iye amatulutsa liwu la pakamwa, kenako n'kulizanso. Zili ngati amayi awiri kapena atatu akusinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamakwera wina ukutsika, ndipo kamvekedwe kamene womva ali patali amamva si ka munsi umodzi ayi. Zitoliro zimayambira ku zazing'ono zolira mokwera kwambiri kufika ku zazitali za besi, ndipo mpukutu uliwonse uli ndi dzina lake ndi ntchito yake. Pamene zonsezi zikuchitika, miyendo ikuvina masitepe ake amene sagwera pamodzi ndi zitoliro nthawi zonse, ndipo amayi akuimba mawu pamwamba pake.

Tayesani kuganiza zimene munthu mmodzi akuchita pamenepo. Akupuma, akuliza, akuimba, akuvina, akumvetsera anzake awiri oyandikana naye kuti asalowe m'malo mwawo, ndipo akuwerengera mumtima mkombero wa nyimbo umene umabwerera pa chiyambi osaima. Woimba vayolini wa mu orchestra ali ndi pepala kutsogolo kwake ndi wotsogolera womuuza polowera. Wa nyanga alibe chilichonse mwa ziwirizi.

Chimene chinakopa Volans ndi kamangidwe kameneka. Nyimbo zambiri za ku Ulaya zimayamba, n'kukwera, n'kufika pachimake, n'kutsika, ndipo chida chimodzi chimatsogolera zina zikuperekeza. Mu nyanga mulibe wotsogolera ndi woperekeza m'njira imeneyo, ndipo nyimbo siithamangira kumapeto. Imazungulira, koma khutu limamva zatsopano pa mkombero uliwonse malinga ndi kumene mwaima ndi chitoliro chimene mwasankha kutsatira. Si iye yekha amene anaona phindu m'kaimbidwe kotere. Steve Reich wa ku America anakaphunzira ng'oma ku Ghana mu 1970, ndipo György Ligeti wa ku Hungary, popeka nyimbo zake zovuta za piyano kuyambira mu 1985, anaphunzira zambiri pa nyimbo za pakati pa Africa zimene Simha Arom anajambula. Kusiyana kwake n'kwakuti Volans anatenga manoti enieni a gulu lodziwika, la mudzi wodziwika, ndipo n'chifukwa chake nkhani yake ikutikhudza mwachindunji.

Dzina lakuti White Man Sleeps linachokera kuti?

Linachokera mu gule mwenimwenimo. Pali pamene ovina amaleka kuliza zitoliro kwa mikombero ingapo, n'kumavina ndi maseche okha, ndipo tanthauzo lake linali lakuti mzungu wagona, asadzutsidwe ndi phokoso. M'chigwa cha Zambezi, kumene anthu anakhala zaka mazana pansi pa eni minda ikuluikulu ya maprazo kenako pansi pa chibalo cha Apwitikizi, sitepe yotere inali ndi mbiri yolemera kumbuyo kwake. Pamene Tracey ankajambula, nkhondo ya ufulu inali itayaka kale m'chigawo cha Tete kuyambira mu 1968, ndipo patangopita chaka chimodzi zolemba zake zitatuluka, pa 16 December 1972, asilikali a Chipwitikizi anapha anthu mazana ku Wiriyamu, kummwera kwa mzinda wa Tete. Volans atatenga dzinali mu 1982, linkalankhulanso za azungu a ku South Africa amene ankagona tulo pamene dziko linkayaka.

Ngati ndi katswiri wa piyano, bwanji nyimboyi sanailembere piyano?

Chifukwa piyano siingatulutse mawu a nyanga. Piyano ili ndi makiyi 88, ndipo kuchokera pa do kufika pa do wina wotsatira pali masitepe 12 ofanana. Do re mi wa kutchalitchi amasankhapo 7 mwa masitepe amenewa, ena otalikirana, ena oyandikana, monga mi ndi fa. Nyanga ndi matepe nazo zili ndi mawu 7, koma otalikirana pafupifupi mofanana onse, kotero ambiri amagwera pakati pa makiyi awiri a piyano, pamene palibe chala chingafike. Ndi chifukwa chake woimba kiyibodi akayesa kuperekeza nyanga kapena valimba, khutu la agogo limakana ngakhale iye akuona kuti walondola.

Kuchuna piyano mwanjira ina n'kovuta, poti ili ndi nsambo zoposa 200 zokokedwa mwamphamvu kwambiri. Choncho mu 1982 Volans anasankha harpsichord ziwiri, chida chakale cha makiyi chimene nsambo zake n'zopepuka ndipo zimachunika msanga, n'kuwonjezapo viola da gamba ndi zoomba. Anazichuna motsatira mawu a ku Africa. Cholinga chake, malinga ndi mmene anafotokozera, chinali kutembenuza utsamunda: m'malo moti nyimbo za ku Africa zikonzedwe kuti zikwane m'zida za ku Ulaya, zida za ku Ulaya n'zimene zigonjere.

Mu 1986 anailembanso kuti iimbidwe ndi zida zinayi za nsambo, mavayolini awiri, viola ndi cello, ndipo apa anabwerera ku kachunidwe ka ku Ulaya. Ine ndimaona kuti panatayika kanthu kakakulu pamenepo, pakuti kachunidwe ndi mbali ya nyimbo, si chovala chake. Koma mtundu wachiwiriwu ndi umene unayenda dziko lonse, chifukwa gulu lililonse la zida zinayizi likhoza kuuimba popanda kusintha chilichonse.

Inatchuka bwanji?

Kudzera m'gulu la ku San Francisco lotchedwa Kronos Quartet, limene David Harrington anayambitsa mu 1973. Ndiwo anapempha mtundu wa 1986, ndipo mu 1987 anatulutsa chimbale chokhala ndi dzina la nyimboyi. Mu 1992 anaiika yonse m'chimbale cha Pieces of Africa, pamodzi ndi nyimbo za Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe, Justinian Tamusuza wa ku Uganda, Obo Addy wa ku Ghana, Foday Musa Suso wa ku Gambia, Hassan Hakmoun wa ku Morocco ndi Hamza El Din wa ku Nubia. Chimbalecho chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale za classical ku America, chinthu chosowa kwa nyimbo za opeka amoyo.

Kodi kumeneku si kuba?

Funsoli lafunsidwa ndi akatswiri ambiri, ndipo ndi loyenera. Timothy Taylor analemba za ndale za nyimbo za Volans mu 1995, ndipo Jürgen Bräuninger, amene ankaphunzitsa ku Durban, anadzudzula mu 1998 mchitidwe wa opeka otenga nyimbo za makolo a ku Africa n'kuzisainira okha. Ena, monga Martin Scherzinger, anamuikira kumbuyo, ponena kuti Volans anamvetsa kamangidwe ka nyimbozi mozama ndipo anazipatsa ulemu pa nthawi imene boma la tsankho linkafuna kuti chikhalidwe chilichonse chikhale m'khola lakelake.

Maganizo anga ali pawiri, ndipo sindikufuna kuwasakaniza. Choyamba, Volans sanabise. M'mawu ofotokoza nyimboyi anatchula Makina Chirenje, anatchula Nsava ndi Tete, anatchulanso Tracey ndi magazini imene anapezamo manoti. Wakuba satchula mwini munda. Ndiponso anagwirapo ntchito yeniyeni: kugawira zida zinayi zokha mawu amene ankatuluka m'kamwa mwa anthu ochuluka, kusankha liwiro, kusankha poyambira ndi polekezera nyimbo imene kwawo ilibe polekezera. Amene anayesapo kulemba nyimbo ya kwaya ya mawu anayi akudziwa kuti zimenezi si zapafupi.

Chachiwiri n'chowawa. Malamulo a umwini wa nyimbo amalipira munthu amene dzina lake lalembetsedwa ku bungwe, monga SAMRO ku South Africa, COSOMA ku Malawi kapena SOMAS ku Mozambique. Nyimbo ya gulu, yolandiridwa kwa makolo, yopanda pepala, siyenda bwino m'njira imeneyi, ndipo malamulowo sanapangidwe poganizira kuti ndalama za tikiti ya ku New York zidzafike m'mudzi wa m'mbali mwa Zambezi. Onaninso zaka zake. Pakati pa 1986 ndi 1992, pamene nyimboyi inkakwera, chigawo cha Tete chinali m'kati mwa nkhondo yapachiweniweni, midzi ikuwotchedwa, ndipo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, chaka chomwecho chimene Pieces of Africa inatuluka. Anthu ambiri a chigawo chimene luso lake linkasangalatsa omvera a ku Ulaya ndi ku America anali pa mizere ya ufa m'misasa ya ku Nsanje, Mwanza ndi Dedza. Palibe amene anganene kuti Volans ndiye anachititsa zimenezi, koma sindingamvetsere gawo la nyanga osazikumbukira.

Chimene ndikuona kuti n'chotheka lero n'chaching'ono koma chenicheni. Paliponse pamene nyimboyi ikuimbidwa, dzina la Makina Chirenje ndi gulu lake lizilembedwa pa pulogalamu moonekera, osati m'timalemba tam'munsi. Ndipo zojambula zakale zosungidwa ku International Library of African Music, imene tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku Makhanda, zizibwerera kwa adzukulu a oimbawo. Bungweli linayamba kale ntchito yobweza zojambula kumadera kumene zinachokera, ndipo a ku Tete ali ndi chifukwa chomveka chopemphera zawo.

Kodi anapitiriza kupeka kuchokera ku nyimbo za ku Africa?

Kwa kanthawi. She Who Sleeps with a Small Blanket ya mu 1985, ya woomba ng'oma mmodzi, ndi Hunting:Gathering ya mu 1987 zikadali ndi fungo la kuno. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kuchokako, mwa zina chifukwa sanafune kudziwika ngati wopeka wa mtundu umodzi wokha. Ubwenzi wake ndi Morton Feldman wa ku America, ndi chikondi chake pa zojambula za amisiri amakono, zinamukokera ku nyimbo zokhala ndi zinthu zochepa kwambiri. Cicada ya mu 1994, ya mapiyano awiri, ndi mawu ochepa obwerezedwa amene oimba awiri amapatsirana mosinthana, ndipo amene akudziwa nyanga adzazindikira kuti kulowerana kuja sikunamuchoke ngakhale manoti a ku Nsava mulibemo. Mu 1993 opera yake, The Man with Footsoles of Wind, yonena za mlakatuli Arthur Rimbaud, inaonetsedwa ku London. Piyano anaibwereranso mwamphamvu: concerto yake yachiwiri, Atlantic Crossing, inaimbidwa koyamba mu 2006 ndi Marc-André Hamelin pamodzi ndi San Francisco Symphony, ndipo yachitatu inaimbidwa ndi Barry Douglas pa BBC Proms ku London mu 2011.

Nanga za mafilimu? Kodi wopeka wotere amalowamo bwanji?

Volans si wa mafilimu a ku Hollywood. Nyimbo zake zakumana ndi zithunzi kudzera m'magule ndi m'zisudzo. Mu 1988 Siobhan Davies wa ku London anakonza gule wamakono pa White Man Sleeps, kotero nyimbo imene inachokera ku miyendo ya ovina inabwereranso ku miyendo, ngakhale ya anthu ena. Anagwiranso ntchito ndi Jonathan Burrows, komanso ndi William Kentridge wa ku Johannesburg pa Confessions of Zeno ya mu 2002, sewero losakaniza zidole, zithunzithunzi za pa kanema ndi oimba.

Kupeka nyimbo za filimu yeniyeni ndi ntchito ya mtundu wina, yofuna kudzichepetsa. Wopeka amakhala pansi ndi wotsogolera filimu itadulidwa kale, n'kugwirizana malo alionse pamene nyimbo iyambire ndi pamene ilekere, mpaka pa sekondi. Kachidutswa kena kamakhala ka masekondi 12, kena ka mphindi 3. Nyimbo isaphimbe mawu a ochita sewero, ndipo wotsogolera akadulanso chithunzi, wopeka amayambiranso. Nthawi zambiri luso lalikulu ndi kudziwa pamene payenera kukhala chete.

Zitsanzo zapafupi zilipo. Filimu ya Licínio Azevedo ya mu 2016, Comboio de Sal e Açúcar, yonena za sitima yochoka ku Nampula kulowera ku Malawi nthawi ya nkhondo, anthu atanyamula mchere wokasinthitsa ndi shuga, nyimbo zake anapeka ndi João Carlos Schwalbach, woimba kiyibodi wa gulu la Ghorwane. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, imene muli nyimbo za Agorosso wa kuchigwa cha Shire, inapata mphoto ya nyimbo za mufilimu pa Africa Movie Academy Awards mu 2013. Pamene Chiwetel Ejiofor anajambula The Boy Who Harnessed the Wind ku Kasungu, filimu imene inatuluka mu 2019 ndipo muli Chichewa ndi Gule Wamkulu, nyimbo zake anazipereka kwa Antonio Pinto wa ku Brazil. Pinto ndi mmisiri, koma ndimalakalaka kuti filimu yotsatira ya mtundu umenewu idzapeze wopeka wa kuno wokonzeka, wodziwa kulemba manoti a orchestra ndi kusunga nthawi.

Wopeka nyimbo zotere amadya chiyani?

Kawirikawiri sadalira thumba limodzi. Pali ndalama za oda, pamene orchestra, wailesi kapena chikondwerero cha nyimbo chapempha nyimbo yatsopano n'kulipiriratu. Pali ndalama za umwini, zobwera nyimbo ikaimbidwa pagulu kapena pa wailesi, ndi zochokera ku kampani yosindikiza manoti imene imabwereketsa mapepala kwa oimba. Zambiri za Volans zinasindikizidwa ndi Chester Music ya ku London. Pali kuphunzitsa, ndi kukhala wopeka wa pa sukulu kwa zaka zingapo, monga mmene iye anakhalira pa Queen's University ku Belfast kuyambira 1986 mpaka 1989. Onani kuti White Man Sleeps inayamba kumveka kutali iye ali ndi zaka za m'ma 30 zakumapeto, atatha zaka zoposa 10 akuphunzira, kuthandizira ena ndi kujambulira wailesi.

Wachinyamata wa ku Tete wofuna njira imeneyi ayambire pati?

Ayambe ndi kuwerenga ndi kulemba manoti a pa mizere isanu. Solofa wa kwaya ndi chiyambi chabwino, ndipo Michael Sauka, amene anapeka nyimbo ya fuko la Malawi, anali woimba limba wodziwa manoti, koma solofa yekha sangakwanire kulembera vayolini ndi cello. Pulogalamu ya pa kompyuta ya MuseScore ndi yaulere, ndipo imakuimbirani zimene mwalemba. Piyano yeniyeni ya matabwa imavutika ndi kutentha kwa ku Tete, kumene kumapitirira madigiri 40, ndipo imafuna woichuna pafupipafupi, choncho kiyibodi ya makiyi 88 olemera ndi yokwanira. Makiyibodi ambiri ndi mapulogalamu a mu situdiyo amalola kusintha kachunidwe ka noti iliyonse, kotero vuto limene linakakamiza Volans kufuna harpsichord lero limathetsedwa ndi mabatani ochepa.

Sukulu zili kutali, ndipo ichi ndi chopinga chenicheni. Escola Nacional de Música ndi Escola de Comunicação e Artes ya yunivesite ya Eduardo Mondlane zili ku Maputo, makilomita oposa 1,500 pa msewu. Komweko kuli Xiquitsi, ntchito yophunzitsa achinyamata zida za orchestra imene inayamba mu 2013 motsogozedwa ndi Eldevina Materula, woimba oboe amene pambuyo pake anakhala nduna ya za chikhalidwe. Kwa wa ku Tete, Malawi ali pafupi: Blantyre ndi ulendo wa makilomita osakwana 250 kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza, yunivesite ya Malawi ku Zomba imaphunzitsa nyimbo, ndipo Music Crossroads ili ndi sukulu ku Lilongwe.

Koma pali sukulu ina imene wa ku Cologne analibe. Volans anaphunzira nyanga pa pepala la munthu wina. Mwana wa ku Tete akhoza kupita kumene gulu likuvina, n'kupempha akuluakulu kuti amupatse mpukutu umodzi wa zitoliro, n'kulowa mu bwalo mpaka miyendo ndi mpweya zitagwirizana. Akatero adzalemba zimene thupi lake likudziwa, ndipo adzadziwa woti amupemphe chilolezo ndi woti agawane naye phindu. Njira imeneyi ena anaiyenda kale kwawo: Akin Euba wa ku Nigeria anathera moyo wake akufufuza mmene piyano ingalankhulire ngati ng'oma za Chiyoruba, ndipo Tamusuza analembera Kronos kuchokera m'nyimbo za Chiganda zimene anakula nazo. Ngakhale pa kafukufuku, Moya Aliya Malamusi wa ku Chileka analemba mu 1992 za gulu la zitoliro la Sakha Bulaundi, m'magazini yomwe ija imene Tracey analembamo.

Ndimvetsere ziti poyamba?

Yambani ndi nyanga yeniyeni, pabwalo ngati mungathe, kapena zojambulidwa. Ku Zimbabwe kaimbidwe kofanana nako amakatcha ngororombe, ndipo dzinali lingakuthandizeni pofufuza pa intaneti. Kenako mverani White Man Sleeps ya Kronos Quartet mu Pieces of Africa, yonse, mphindi zoposa 20, ndipo yesani kupeza nokha zigawo ziwiri za ku Nsava musanawerenge kuti ndi ziti. Mukatero funani mtundu wa 1982 wa harpsichord, kuti mumve kusiyana kwa kachunidwe. Cicada muisiyire pomaliza, tsiku limene muli ndi nthawi, chifukwa ndi yaitali ndipo imasintha pang'onopang'ono kwambiri. Oimba kiyibodi awiri akhoza kuyesa njira yake pa chida chimodzi: wina agwire mawu atatu, wina atatu ena oyandikana nawo, n'kumapatsirana mofulumira osagundana.